Chinyanja pa explicação: chimanyamula katundu, koma pabwalo sichikhala

Ku Tsangano, ku Ntengo-wa-Mbalame, ngakhale ku Furancungo m'boma la Macanga, mawu akuti explicação safuna womasulira. Mayeso akayandikira, kholo limene lagulitsa mbatatesi kapena fodya limapatula kangachepe n'kupeza munthu woti aziphunzitsa mwana wake mwapadera akaweruka kusukulu. Munthuyo amatchedwa explicador. Nthawi zina amakhala mphunzitsi wa pasukulu pomwepo, nthawi zina mnyamata amene anamaliza kalasi 12 koma ntchito sanaipeze, pena wophunzira wa ku yunivesite amene wabwera kutchuthi. Kutsidya kwa malire, ku Ntcheu, zomwezi amazitcha part time. Masamu ndi sayansi ndizo zimatchuka pa malonda amenewa, koma Chipwitikizi nacho chili ndi ochifuna, makamaka gawo lija la zolembedwa: ndakatulo, nkhani zopeka, mayina a alembi ndi kasanthulidwe kake.

Gawo limeneli ndi loyenera kuliyang'anitsitsa, chifukwa m'menemo mukuchitika chinthu chimene ndondomeko za boma sizitchula. Explicador wa kuno salankhula Chipwitikizi chokhachokha. Ana akangoti kukamwa yasa, iye amatembenukira ku Chinyanja n'kufotokoza, anawo n'kuyamba kugwedeza mitu. Kunena mosabisa, pa msinkhu wa sekondale iyeyu ndiye mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri amene alipodi, ngakhale palibe anamusula pa ntchitoyo kapena kumupatsa buku lake. Pamenepa ayamikiridwe ndithu. Koma ntchito imene amachipatsa Chinyanjacho ndi ya mtengatenga: chisenze tanthauzo la mawu ovuta, chikatule pakhomo, kenaka chibwerere. Ikafika nthawi yoganiza, yotsutsana ndi yogamula za nkhani imene yawerengedwa, Chinyanja chimakhala chatuluka kale, ndipo Chipwitikizi chotsalacho n'choloweza pamtima. Mwana amalipira kuti aphunzire kusanthula zolembedwa, koma chimene amapita nacho kunyumba ndi mndandanda wa mayina.

Ndi bwino kukumbukira kumene maphunziro a zilankhulo ziwiri anachokera ndi pamene amathera. Chinyanja cha ku Tete chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zoyamba kuyesedwa m'kalasi muno m'Mozambique, pa ntchito ya PEBIMO imene bungwe la INDE linayendetsa kuyambira 1993 mpaka 1997. Chinacho chinali Chichangana cha ku Gaza. Carol Benson, amene anaunika ntchitoyo, anaona kuti ana ankalankhula ndi kutenga mbali m'kalasi momasuka kuposa anzawo ophunzira m'Chipwitikizi chokha. Mu 2003 boma linalowetsa njirayi m'maphunziro a pulayimale, kuyamba ndi zilankhulo 16. Kapangidwe kake n'kakuti mwana ayambe ndi chilankhulo cha kwawo, Chipwitikizi chizilowa pang'onopang'ono, mpaka chilande mpando wophunzitsira pulayimale isanathe. Lamulo la maphunziro la 18/2018 linafupikitsa pulayimale kukhala makalasi 6, kalasi 7 n'kukankhidwira ku sekondale. Choncho mwana wa zaka 12 kapena 13 amalowa m'dziko la Chipwitikizi chokhachokha, ndipo ndi m'dziko limenelo mmene amakumana ndi funso lakuti ndakatulo iyi ikunena chiyani, nanga ikuchinena motani.

Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu pafupifupi 17 pa 100 aliwonse m'dziko lonse ndiwo anayamwira Chipwitikizi, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda. M'mapiri a Tsangano, mwana amagula, amasewera, amapemphera ndi kukalipiridwa m'Chinyanja. Malamulo aakulu a dziko a 2004, m'ndime 9, amati boma lilemekeza zilankhulo za m'dziko monga chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Mawu ndi abwino amenewo, koma pa khomo la sekondale amavula nsapato n'kutsala panja. Mpata umenewo ndi umene explicador amadyerapo.

Mark Bray, katswiri amene wafufuza za maphunziro olipira apaderawa kwa zaka zambiri, anawatcha chithunzithunzi cha sukulu m'buku limene UNESCO inasindikiza mu 1999, ndipo mu 2021 analemba lina lokhudza Africa yokha. Fanizolo ndi lolondola. Chithunzithunzi sichisankha chokha koyenda: sukulu ikapendama, nacho chimapendama. Mayeso a kalasi 12 ndi mayeso olowera ku yunivesite amadzaza ndi mafunso osankha yankho limodzi pa mayankho angapo. Funso lotero limakonda zinthu zokhala ndi dzina limodzi losatsutsika: buku ili analemba ndani, mzere uwu uli ndi chipangizo chanji, wofotokoza nkhaniyi ndi wamtundu wanji. Explicador amawerenga mapepala a mayeso akale, n'kuona chimene chimabwerabwera, n'kupanga apontamentos, timanotsi tolemba pamanja kapena tojambulitsa pa makina, timene ana amakopera m'makope awo.

Aliyense amene anatsegulapo kope lotere akudziwa zimene zimakhalamo. Tsamba loyamba ndi magawo a nkhani: narrador, personagens, tempo, espaço, acção. Lachiwiri ndi figuras de estilo, chilichonse ndi tanthauzo lake la mzere umodzi ndi chitsanzo chimodzi chimene chayenda m'makope ambirimbiri osasintha. Kenaka pamabwera alembi, atandandalikidwa ngati mayina a pa manda: Noémia de Sousa, José Craveirinha, Luís Bernardo Honwana, Ungulani Ba Ka Khosa ndi Ualalapi wa 1987, Mia Couto ndi Terra Sonâmbula wa 1992, Paulina Chiziane ndi Niketche wa 2002. Mphoto ya Camões nayo ili ndi mzere wake: Craveirinha 1991, Mia Couto 2013, Chiziane 2021. Zonsezi n'zoona ndipo si zoipa kuzidziwa. Chosowa m'kopemo ndi chimodzi chokha, nkhani yeniyeniyo. Mabuku ndi osowa komanso odula, ndipo sitolo ya mabuku ili kutali ndi Tsangano, zimenezo n'zosakanika. Koma ngakhale nkhani ya masamba awiri, imene ikanajambulidwa pa mtengo womwewo wa timanotsi, kawirikawiri siipezeka.

Chinyanja chimalowa pati m'phunziro lotere? Explicador amalemba mawu akuti personificação pa bolodi, ana n'kukhala chete. Iye amati, m'Chinyanja, ndi pamene chinthu chosakhala munthu chikuchita ngati munthu. Ana amvetsa. Kenaka amabwerera ku Chipwitikizi, n'kuwerenga tanthauzo lolembedwa, ana onse n'kulibwereza pamodzi, kawiri kapena katatu. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la 2011 lochokera pa kafukufuku wa m'sukulu za zilankhulo ziwiri ku Gaza, anafotokoza mayankhidwe a chigulu otere, amene akatswiri amawatcha safetalk: mphunzitsi amafunsa funso losavuta kulakwa, ana amayankha onse pamodzi, aliyense amapulumuka ku manyazi, ndipo phunziro limaoneka ngati layenda. Iye anaona kuti m'maphunziro a chilankhulo cha kwawo ana omwewo ankafunsa, kutsutsa ndi kubweretsa zimene akudziwa kuchokera kumudzi. Chodandaulitsa pa explicação n'chakuti chitseko cha chilankhulo chachiwiricho chili chotsegula kale, palibe woyang'anira woti aletse, koma mayankhidwe amakhalabe a chigulu.

Kuti kutayika kwake kuoneke, pafunika nkhani imodzi yeniyeni. Honwana ali ndi nkhani yaifupi yotchedwa As Mãos dos Pretos, m'buku lake la 1964, Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Mnyamata wamng'ono akufuna kudziwa chifukwa chake zikhatho za anthu akuda n'zoyererako kusiyana ndi thupi lonse. Akuluakulu osiyanasiyana amamupatsa mayankho. Mphunzitsi amati makolo a anthu akuda ankayenda ndi manja pansi ngati nyama. Wansembe amaloza ku manja opindidwa popemphera. Mayi wina, Dona Dores, amati zinayeretsedwa kuti zisadetse chakudya cha mabwana. Bambo wobweretsa Coca-Cola amasimba za anthu oumbidwa ndi dothi n'kupachikidwa pa utsi. Wina amanena za madzi ozizira a m'mamawa amene anangoviikamo zikhatho ndi mapazi. Buku lina limanena za kuthyola thonje ku Virginia. Pomaliza mayi ake a mnyamatayo amapereka yankho lawo, lokhudza kufanana kwa manja a anthu onse ndi zimene manjawo amachita, ndipo amalira.

M'timanotsi, nkhani imeneyi imatha mizere isanu. Mlembi anabadwa mu 1942 ku Lourenço Marques. Buku linatuluka mu 1964, chaka chomwecho apolisi a PIDE anamumanga. Wofotokoza nkhani ali m'nkhani momwemo. Mfundo yaikulu ndi tsankho la mtundu. Mwana akhoza kuloweza zonsezi osaiona nkhaniyo ndi maso, ndipo ambiri amatero.

Tsono nkhani yomweyo iwerengedwe yonse, mokweza, kawiri, kenaka ana aloledwe kuikambirana m'Chinyanja. Sipangapite nthawi wina asananene kuti iyi ndi nthano ya mtundu uja wofotokoza chiyambi cha zinthu: chifukwa chake chigoba cha fulu chili ndi ming'alu, chifukwa chake fisi amayenda chotsimphina. Mwana aliyense amene anakhalapo pamoto madzulo amadziwa kuti nthano yotere sinena za fulu. Imanena za anthu, ndipo wosimbayo amakhala ndi amene akumulasa. Akangozindikira zimenezi, funso limasintha. Salinso kufunsa kuti yankho loona ndi liti, koma kuti aliyense wa akuluakuluwa akupindula chiyani ndi yankho lake. Yankho la Dona Dores likukomera ndani, wophikayo kapena wodyayo? N'chifukwa chiyani yankho la mphunzitsi lavala malaya a sayansi, la wansembe n'kuvala mkanjo wa tchalitchi, koma onse awiri akumusiya munthu wakuda pansi? Amenewa ndiwo mafunso a wosanthula zolembedwa, ndipo mwana wa ku Chidzolomondo akhoza kuwafunsa popanda kudziwa liwu limodzi la m'kope lija.

Pali zinanso zimene khutu lozolowera nthano limagwira msanga. Nthano zambiri zimayenda mobwereza: woyamba ayesa alephera, wachiwiri ayesa alephera, mpaka womaliza, kawirikawiri wonyozeka, ndiye abweretsa chosiyana. Honwana wayala mayankho ake chimodzimodzi, n'kusunga mayi wa panyumba kumapeto, pambuyo pa anthu onse a maudindo ndi buku lomwe. Komanso mnyamata wosimbayo amanena zinthu zimene iye mwini sakudziwa kulemera kwake. Amabwereza mawu achipongwe ngati nkhani wamba, ndipo misozi ya mayi ake imamudabwitsa. Wowerenga amaona zimene mwanayo sakuona. Ana akafika pomanena kuti "mwanayu sakudziwa kuti akumutukwana", ndiye kuti agwira chimene buku la sukulu limachitcha ironia. Liwu la Chipwitikizilo likabwera panthawi imeneyo, limapeza pokhala. Likabwera poyamba, lopanda nkhani, limangolendewera mpaka tsiku la mayeso, kenaka n'kugwa. Ndipo m'dera limene agogo akadakumbukira chibalo cha nthawi ya Apwitikizi, nkhani ya manja ogwirira ena ntchito siikhala ya kutali.

Chitsanzo china n'chachifupi. Ana amaloweza kuti Craveirinha anatulutsa Karingana ua Karingana mu 1974, ndipo mutuwo amaunena ngati dzina la mankhwala. Koma amenewo ndi mawu otsegulira nthano m'Chironga, ofanana ndi "Padangokhala" wa kuno, amene omvera amamuyankha kuti "Tili tonse". Mlakatuli wolemba m'Chipwitikizi, m'nthawi ya atsamunda, akaika mawu otere pachikuto cha buku lake, ndiye kuti wanena kale amene akuwaitana kuti akhale pamoto wake. Kufotokoza zimenezi m'Chinyanja sikungathe mphindi ziwiri, ndipo mwana amatuluka akudziwa kanthu za bukulo kuposa chaka chake.

Cholakwika chachikulu cha explicação ndi kuganiza kuti mwana amabwera chimanjamanja. Kusanthula mawu si luso lobwera ndi sitima. Pabwalo la mfumu, mkulu akaponya mwambi, wa mbali inayo saukana, koma amaumasulira mwina kuti ukomere mlandu wake, ndipo anthu amaweruza amene wamasulira bwino. Ankhoswe amachita zomwezo. Mayi woimba pamtondo amadzudzula mwamuna wake kapena mkazi mnzake osatchula dzina, mudzi wonse n'kumva amene akunenedwa. Zilombo za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, zimaseka makhalidwe a anthu mwa chigoba, kavinidwe ndi nyimbo, ndipo woonera amayenera kulumikiza zitatuzo kuti amve. Ngakhale ana akamaponyerana ndagi amakhala akuyesana pa kuona chinthu chimodzi m'chinthu china. Mwana wa mlimi wa ku Macanga akamva kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, sayang'ana m'chigafa. Amadziwa kuti sakunena fodya. Mwana yemweyo ndiye amalembedwa kuti sadziwa metáfora.

Jim Cummins ananena kalekale, mu 1979, kuti luso la kuganiza ndi kuwerenga limene mwana walikulitsa m'chilankhulo chimodzi limawolokera ku chinzake, malinga apatsidwe mpata wokwanira wophunzira chachiwiricho. Maphunziro onse a zilankhulo ziwiri a ku pulayimale aima pa mfundo imeneyi. Chodabwitsa n'chakuti imakhulupiriridwa pa kuwerenga zilembo ndi kuwerengera manambala, koma ikafika pa kusanthula ndakatulo, pamene mwana ali ndi chuma chambiri chowolotsa kuposa pena paliponse, imaiwalika.

Ena amati Chinyanja chilibe mawu a ntchito imeneyi, ndiye explicador alibe kuchitira mwina. Yankho lili pa mtunda woyenda pa njinga. Ku Malawi, kumene Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ana a sekondale amalemba mayeso a MSCE a bungwe la MANEB pa nkhani za mchezo ndi zolembedwa, m'Chichewa momwemo. Ali ndi mawu ake: mpangankhani, mfotokozankhani, chifanifani, chibwereza, kalosera, umunthu, funso la chodziwadziwa. Ali ndi mabuku oti awasanthule, monga Nthondo wa Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, amene anatuluka mu 1933 atapambana mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young anamumasulira m'Chingerezi mu 1934. Steve Chimombo, m'buku lake la 1988 lonena za nkhani za pakamwa za ku Malawi, anafika popanga liwu lakuti ulimbaso, pofuna kuti luso la zopeka liziyesedwa ndi muyeso wochokera m'chilankhulo chomwecho. Mbali ino nayo si yosauka: ansembe a Chijezwiti, amene anagwira ntchito ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa, anatulutsa madikishonale ndi galamala ya Chinyanja m'zaka za m'ma 1960. Chilankhulo chimene chinalembedwa chotero sichingalephere kunena kuti wofotokoza nkhani ndi ndani.

Malire a pano ndi opyapyala kuposa mmene mapu amaonetsera. Msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire, ndipo pa misika ya Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano anthu a mbali zonse amagulitsana mbatatesi, kabichi ndi tomato m'chilankhulo chimodzi. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, anthu a ku Mozambique okwana pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi, ena mwa iwo m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, n'kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992. Harri Englund analemba za moyo wa m'malire a Dedza ndi Angónia m'buku lake la 2002. Ena mwa makolo amene lero akulipira explicador anaphunzira kuwerenga Chichewa ali othawa nkhondo, ndipo mawayilesi a ku Malawi amamveka m'nyumba zambiri. Mawu osanthulira aja, tsono, si achilendo monga amaganizira anthu a m'maofesi a ku Maputo.

Komabe asapezeke wina woganiza kuti kungotenga kope la ku Ntcheu n'kuliwolotsa ndiye kuti vuto latha. Matenda a timanotsi ali konsekonse. Mwana wa ku Malawi nayenso akhoza kugula kabuku ka mafunso ndi mayankho, n'kuloweza makhalidwe a Nthondo osatsegula bukulo, n'kunena kuti "kalosera" ndi mtima wopanda kanthu womwe uja umene mnzake wa ku Tsangano amanenera "prolepse". Chilankhulo choyamwira chimatsegula pakamwa, koma sichiwerengera munthu buku. Mndandanda wa mayina ukamasuliridwa m'Chinyanja umakhalabe mndandanda wa mayina. Palinso kankhani ka kalembedwe: misonkhano ya kalembedwe ka zilankhulo za m'dziko ya 1988, 1999 ndi 2008, imene inayamba ndi gulu la NELIMO la pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, inakhazikitsa c pamene a ku Malawi amalemba ch, n'chifukwa chake mabuku a kuno amati Cinyanja. Ena amakuza kusiyanaku ngati phiri la Domwe, koma mwana wodziwa kuwerenga amazolowera tsamba lisanathe.

Kutsutsa kolimba kwenikweni kumachokera kwa kholo. Iye sanagulitse thumba la mbatatesi kuti mwana wake akhale katswiri wa nthano. Akufuna mwanayo akhoze, apite ku sukulu ya uphunzitsi kapena ya unamwino, ndipo mayesowo ali m'Chipwitikizi. Ola lililonse lothera m'Chinyanja amaliona ngati ndalama yotayika, ndipo explicador amene angamveke akukambitsa ana za fulu ndi fisi akhoza kutaya makasitomala. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo wofufuza amene amawapeputsa sanalipirepo fizi ndi ndalama ya kumunda. Koma pepala la mayeso a Chipwitikizi limayamba ndi nkhani kapena ndakatulo yoti iwerengedwe pomwepo, ndipo gawo la mafunso limafuna kuti mwana amve zimene wawerengazo: mlembi akutanthauza chiyani apa, mawu awa akuloza ndani, maganizo a wolankhulayu ndi otani. Pamenepo kope silithandiza. Mwana woloweza amadziwa tanthauzo la ironia, koma akakumana nayo m'ndime yachilendo amaidutsa osaipatsa moni. Amene anazolowera kufunsa kuti wolankhulayu akupindula chiyani, ngakhale anazolowera m'Chinyanja, ndiye amakhala ndi pogwira. Kuwerenga nkhani yathunthu ya Chipwitikizi kawiri, mokweza, kumamupatsanso Chipwitikizi chochuluka kuposa mizere isanu ya m'timanotsi.

Za ndalama sizingalumphidwe. Pamene explicador ali mphunzitsi wa kalasi yomweyo, pamakhala chiyeso chosunga kufotokoza komveka, kwa m'Chinyanja kuja, kuti kukaperekedwe madzulo kwa olipira okha. Si onse amachita zimenezi, ndipo aphunzitsi amene akhala akudandaula zaka zapitazi za malipiro a maola owonjezera osaperekedwa ali ndi zifukwa zawo zofunira kangachepe kapadera. Koma chotulukapo chake n'chowawa: chilankhulo chimene mwana anabadwa nacho, chimene sanagule kwa munthu, chimasanduka katundu wogulitsidwa kwa iye yemwe. Mwana wa kholo losauka, ndi mtsikana amene madzulo amayembekezeka kukatunga madzi ndi kuphika, amatsala ndi phunziro la m'mawa la Chipwitikizi chokhachokha. Mwa njira imeneyi maphunziro a zilankhulo ziwiri amapitirira ndithu ku sekondale, koma mobisa, mopanda dongosolo, ndiponso kwa okhawo ali ndi metikali m'thumba.

Chimene explicador angasinthe mawa lomwe sichifuna thandizo la kunja. Nkhani ya Honwana ija imakwana pa pepala limodzi lojambulidwa mbali zonse. Iwerengedwe yonse m'Chipwitikizi. Mkangano wa tanthauzo lake uchitike m'Chinyanja, mpaka ana atsutsane zenizeni, wina ati mayi aja akulira chifukwa cha chisoni, wina ati n'chifukwa chakuti iwo eni sakukhulupirira mokwanira zimene auza mwana wawo. Mawu osanthulira alembedwe pambuyo pake, m'mizere iwiri yoyandikana, wina wa Chinyanja wina wa Chipwitikizi. Pomaliza mwana aliyense alembe yankho lake m'Chipwitikizi, ndi mawu ake, olakwikalakwika momwemo, kuti pakhale choti chikonzedwe. Tsiku lina dongosolo litembenuzidwe: mwana abweretse nthano kapena nyimbo ya pamtondo imene wamva kwa agogo ake, isanthulidwe ndi zida zomwezo, kuti aone kuti narrador ndi mfotokozankhani ndi munthu mmodzi.

Mbali ya ofufuza ndi yovutirapo. Mzere wa Chinyanja uja ukufunika mawu ogwirizana, ndipo wina ayenera kugamula ngati atengedwe a ku Malawi monga alili, kapena ayesedwe kaye pakamwa pa ana a ku Tsangano ndi Macanga, amene Chinyanja chawo chili ndi Chingoni ndi Chipwitikizi mkati. Liwu ngati "umunthu", mwachitsanzo, kwa munthu wamba limatanthauza khalidwe labwino, ndipo mwana wosachenjezedwa adzasokonezeka akaliona likuimira personificação. Mayeso otere sangachitikire mu ofesi. Malo ake ndi pa khonde pomwe explicação imachitikira, chifukwa ndi pokhapo pamene ana a sekondale amakamba za zolembedwa m'zilankhulo zonse ziwiri. Koma maphunziro osula aphunzitsi a zilankhulo ziwiri amakonzedwera aphunzitsi a pulayimale, ndipo mnyamata wa kalasi 12 uja, amene ali ndi bolodi lake laling'ono ndi ana khumi pa mabenchi awiri, sali m'kaundula wa ofesi iliyonse yoti ingamutumizire kalata yomuitana.